Clean and press ya kettlebell: mafunso ndi mayankho kwa ongoyamba

Ambiri mwa anthu amene ndawaphunzitsa kunyamula kettlebell, chitsulo chooneka ngati mpira chokhala ndi chogwirira pamwamba, amabwera ndi dandaulo lofanana: mkono watupa pamene chitsulo chimafikira, phewa likuwawa, ndipo chitsulocho chikukana kukwera pamwamba pa mutu. Iwo amati mphamvu ndi zimene zachepa. Ndikawayang'ana akunyamula, nthawi zambiri ndimapeza kuti mphamvu ali nazo, koma chitsulocho chimafika pachifuwa molakwika, ndiye zonse zotsatira zimalakwikanso. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimafunsidwa mobwerezabwereza.

Kodi clean and press ndi chiyani kwenikweni?

Ndi ntchito ziwiri zolumikizana. Clean ndi kuchotsa kettlebell pansi kapena pakati pa miyendo n'kuifikitsa pachifuwa, pamalo amene onyamula zitsulo amati rack. Press ndi kuikankhira pamwamba pa mutu mpaka mkono utawongoka, mawondo osapindika ngakhale pang'ono. Miyendo ikathandiza kukankha, imeneyo ndi push press. Mukalowa pansi pa chitsulo popinda mawondo kachiwiri, imeneyo ndi jerk. Zonse ndi zabwino pa nthawi yake, koma pano tikukamba za press yeniyeni, yomwe miyendo imangoima nji ngati nsanamira.

Dzina loti clean linachokera kwa onyamula zitsulo akale. Ankatanthauza kukweza chitsulo kamodzin'kamodzi mpaka pamapewa osachipumitsa pamimba kapena pa lamba panjira.

N'chifukwa chiyani ma kettlebell amalemera makilogalamu 16, 24 ndi 32, osati 15, 25 ndi 30?

Chifukwa sanapangidwire masewera poyamba. Ku Russia, kumene amaitchula kuti girya, inali mwala wa sikelo woyezera mbewu pamsika, ndipo muyezo wake unali pood, womwe ndi makilogalamu 16.38. Pood imodzi ndiyo inasanduka 16, pood imodzi ndi theka 24, ziwiri 32. Alimi ndi amalonda ankapikisana kunyamula miyala yoyezerayo, mpaka zinakhala masewera okhala ndi malamulo ake. Mpikisano woyamba wa dziko lonse la Soviet Union unachitikira mumzinda wa Lipetsk mu 1985. Kunja kwa maiko amenewo, amene anaitchukitsa kwambiri ndi Pavel Tsatsouline, wobadwira ku Minsk, yemwe anayamba kuphunzitsa aphunzitsi ku America mu 2001 ndipo mu 2012 anakhazikitsa bungwe la StrongFirst.

Mbiri imeneyi ili ndi ntchito kwa inu. Kawirikawiri zitsulozi zimadumpha makilogalamu anayi kapena asanu ndi atatu, choncho simungawonjezere kulemera pang'onopang'ono ngati pa barbell, ndodo yachitsulo yaitali imene amaikako zolemera mbali zonse ziwiri. Mumakhala ndi chitsulo chimodzi miyezi ingapo mpaka mutachidziwa bwino.

Ndiyambe ndi yolemera bwanji?

Abambo ambiri amayamba bwino ndi 16. Amene sanagwirepo zitsulo, kapena ndi achikulire, ayambe ndi 12. Amayi ambiri amayamba ndi 8, ena 12. Muyezo wosavuta ndi uwu: sankhani imene mungathe kuikankha pamwamba kasanu kapena kasanu ndi katatu ndi mkono wanu wofooka, thupi osapendekeka.

Yopepuka kwambiri nayonso imaphunzitsa zolakwika. Munthu wamphamvu akagwira ya 6 amangoikoka ndi mkono ngati akunyamula ketulo, chiuno osagwira ntchito, ndipo sadziwa n'komwe kuti walakwitsa. Ndionjezerenso kuti anthu ozolowera ntchito zamanja, olima, osenza matumba, oumba njerwa, amakhala ndi msana ndi zala zolimba kwambiri, komabe phewa lawo silinazolowere kuwongoka pamwamba pa mutu litanyamula katundu. Mphamvu zanu za kumunda zisakupusitseni kuti muyambe ndi 24.

Kodi ndingayambe kuphunzira clean tsiku loyamba lomwelo?

Ayi. Yambani mwaphunzira kunyamula chitsulo pansi ndi manja awiri msana uli wowongoka, kenako swing ya manja awiri, komwe ndi kukankha chitsulo ndi mphamvu ya chiuno kuchokera pakati pa miyendo kupita kutsogolo, kenako swing ya dzanja limodzi. Clean ndi swing yomweyo imene yasinthidwa njira kuti ithere pachifuwa. Ngati swing yanu ikadali yonyonyomala, mawondo kutsogolo, chifuwa chili chilili, clean simuitha. Matako ayenera kubwerera m'mbuyo ngati mukufuna kutseka nawo chitseko manja ali ndi katundu, mawondo kupinda pang'ono chabe, ndipo mumve kumbuyo kwa ntchafu kukukokeka. Kwa anthu ambiri sabata ziwiri kapena zinayi za swing zimakwanira.

Kodi rack yabwino imaoneka bwanji?

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndimafuna munthu aphunzire rack asanaphunzire clean. Gwirani chogwirira ndi dzanja limodzi, linalo likute pamwamba pake, mukwezere chitsulocho pachifuwa ndi manja awiri, kenako muchotse dzanja lothandizalo. Tsopano yang'anani mmene mwaimira.

Chogwirira chidutse mopingasa pachikhatho, kuchokera pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala kutsikira kumunsi kwa chikhatho, mbali ya chala chaching'ono. Chisakhale pazala. Chikakhala pazala, dzanja limapindikira kumbuyo ndipo kulemera konse kumathera pamfundo ya dzanja. Dzanja ndi mkono zikhale mzere umodzi, ngati mukufuna kumenya chibakera denga. Chibakeracho chikhale pansi pa chibwano, pafupi ndi fupa la m'munsi mwa khosi. Chigongono chigunde nthiti, chisauluke m'mbali. Mimba ya chitsulo igone pakona imene mkono umapanga ukapindika, kunja kwa mkono. Phewa litsike, litalikirane ndi khutu.

Mukaima bwino chonchi, kulemera kumadutsa m'chigongono, m'nthiti, m'chiuno mpaka pansi, ndipo mukhoza kuima theka la mphindi mukupuma bwinobwino. Mkono ukayamba kuotcha pakangotha masekondi khumi, ndiye kuti mukunyamula chitsulo ndi mnofu wa mkono m'malo mochisiya chikhale pamafupa. Ophunzira anga ndimawayendetsa nacho chili pa rack, kupita ndi kubwera pabwalo, mpaka thupi litapeza lokha pokhazika katunduyo. Mayi amene amasenza ndowa pamutu amadziwa kale nzeru imeneyi: katundu akakhala pamalo pake, khosi silivutika.

Kwa amayi pali chinthu chimodzi chofunika kusamala. Chitsulo kapena mkono zisamenye bere. Sunthirani chibakera kunja pang'ono, kufupi ndi phewa, koma chigongono chikhalebe pafupi ndi thupi.

Chitsulo chikumenya mkono wanga nthawi zonse. Ndikulakwitsa pati?

Ili ndiye funso la aliyense. Pali zifukwa zitatu, ndipo kawirikawiri zimabwera pamodzi.

Choyamba, mukuponyera chitsulo kutali ndi thupi. Pa swing mkono umatambasuka ndipo chitsulo chimapita kutsogolo. Pa clean chigongono chimatsalira panthiti, ndiye chitsulo chimakwera molunjika, chikudutsa pafupi ndi mimba ndi chifuwa, njira imene zipi ya jekete imadutsa. Chikapita kutsogolo chimabwerera ndi liwiro, ndipo pogwera pake ndi pamkono panu. Panirani kathawulo m'khwapa mwa mkono umene ukunyamula. Kakagwa, chigongono chinachoka pamalo pake. Njira ina ndi kuima moyang'anizana ndi khoma, pafupi ndithu, kuti thupi liziopa lokha kuponya chitsulo kutsogolo. Yesani zimenezi ndi chopepuka.

Chachiwiri, mukufinya chogwirira mwamphamvu. Dzanja likafumbata kwambiri, chitsulo chimagudubuka pamwamba pa chibakera n'kudzagwa pamkono ngati nyundo. Chikamakwera, chogwirira chizikoledwa ndi zala zokha. Chikafika cha pamchombo, masulani zala, mulowetse dzanja m'chogwirira ngati mukulowetsa m'mkono wa malaya. Dzanja ndilo limazungulira chitsulo n'kukachipeza, chitsulo sichidumpha dzanja. Zimathandiza ngati chala chachikulu chaloza kumbuyo pang'ono pamene chitsulo chili pakati pa miyendo, chifukwa pokwera chimazungulira mkono mofatsa.

Chachitatu, mukugwiritsa ntchito mphamvu zambiri. Anthu amaiwala kuti ulendo wa clean ndi waufupi, umathera pachifuwa. Mukakankha chiuno ndi mphamvu za swing yonse, chitsulo chimapitirira pamwamba pa phewa kenako n'kugwa. Ganizani ngati mukuchifikitsa pamchombo chabe, chotsalacho chimalizika chokha.

Pali njira ina imene ndimaikonda kwambiri, yophunzira chobwerera m'mbuyo. Kwezani chitsulo pa rack ndi manja awiri, kenako muchitsitse ndi dzanja limodzi mpaka pakati pa miyendo, muchiike pansi. Chitani zimenezi kakhumi. Njira imene chitsulo chimadutsa potsika ndi yomweyo imene chiyenera kudutsa pokwera, ndipo thupi limaigwira msanga likayamba kuiona potsika.

Clean yabwino siimveka. Chitsulo chimangotera pamkono ngati nkhunda. Mukamva kuti phwa, musapitirize kuwerenga maulendo, imani mukonze. Kuwawa pang'ono pamkono sabata zoyambirira kumachitika chifukwa cha kupanikizika kwa chitsulo, koma kutupa ndi kubiriwira ndi chizindikiro choti chikumenya.

Nanga potsitsa kuchokera pachifuwa?

Musachiponye kutsogolo, ndiponso musachitsitse pang'onopang'ono ndi mphamvu ya mkono, chifukwa chigongono chidzayamba kuwawa mkati. Chisiyeni chigubuduke chokha pafupi ndi thupi, mkono uli womasuka, ndipo mudikire. Mkono ukatsala pang'ono kugunda ntchafu, m'pamene matako amabwerera m'mbuyo kukalandira kulemerako. Chogwirira chidutse pamwamba pa mawondo, pafupi ndi mphechepeche. Chikadutsa m'munsi mwa mawondo, msana ndiwo umalipira.

Tsopano chili pa rack. Ndikankhe bwanji?

Musathamange. Imani kamphindi, mulimbitse thupi kuyambira pansi: mapazi agwire nthaka, mawondo awongoke, matako afinyike, mimba ilimbe ngati mukuyembekezera kumenyedwa chibakera. Kenako finyani chogwirira, pano ndiye mwamphamvu ndithu. Fumbataninso dzanja lopanda kanthulo. Mnofu umodzi ukalimba kwambiri, oyandikana nawo amalimbanso, ndipo mudzaona nokha kuti chitsulo chimene chimakana chayamba kuyenda.

Pokwera, mkono wa kumunsi kwa chigongono ukhale chilili nthawi yonse, chigongono pansi pa chibakera. Chigongono chimatsegukira kunja pang'ono, pakati pa kutsogolo ndi m'mbali, osati m'mbali mwenimweni ngati phiko la nkhuku. Phewa lisakwere kukakumana ndi khutu. Ambiri zimawathandiza kuganiza kuti akudzikankhira okha pansi, kuchoka pa chitsulo. Pamwamba, chigongono chiwongoke kwathunthu, mkono ukhale pafupi ndi khutu, nthiti zisatukuke. Imani pamenepo sekondi imodzi.

Potsitsa musangochisiya chigwe. Chikokereni pansi ngati pali chingwe chimene chikuchikaniza, mpaka chibwerere pa rack. Kukoka kumeneku kumagwiritsa ntchito mnofu waukulu wa m'mbali mwa msana, pansi pa khwapa, umene umakhazika phewa ndi kukonzekeretsa press yotsatira.

Ndibwerezenso zimene ndinayamba nazo. Chitsulo chikafika pa rack mokumenyani, phewa litakwera, dzanja litapindika, thupi litagwedezeka, press imeneyo yalephereka isanayambe. Ndaonapo anthu akukankha 20 kwa nthawi yoyamba tsiku limene clean yawo inakhala chete, popanda kuwonjezera mphamvu zilizonse paphewa.

Kodi kupendekera kumbuyo pang'ono n'kulakwa?

Inde, ndipo vutoli ndi lakale. Kuyambira 1928, mpikisano wonyamula zitsulo wa Olympics unali ndi mitundu itatu: press ya barbell, snatch (kukweza chitsulo kamodzin'kamodzi kuchoka pansi mpaka pamwamba pa mutu) ndi clean and jerk. Opikisana anayamba kupendekera kumbuyo kwambiri moti ena ankaoneka ngati agona chagada ali chiimire, oweruza n'kumasowa pogwira. Masewera a ku Munich a 1972 atatha, press inachotsedwa. Mukapendekera kumbuyo, ntchito imachoka paphewa kupita pachifuwa, ndipo mafupa a m'munsi mwa msana amapanikizika. Kusunthira chiuno pang'ono pansi pa chitsulo cholemera kwambiri kumachitika mwachibadwa, koma kupinda msana ayi. Ngati simungathe kukankha popanda kupinda, chitsulocho chakukulirani, kapena matako ndi mimba zagona.

Ndizipuma bwanji?

Kokani mpweya ndi mphuno chitsulo chikamapita pakati pa miyendo, mutulutse pang'ono chikamatera pa rack. Kokaninso pang'ono, mpweyawo utsikire m'mimba, kenako pokankha muziutulutsa pang'onopang'ono pakati pa mano, kumveka kuti tsss. Musautulutse wonse nthawi imodzi, mimba ingafooke chitsulo chili pakati pa ulendo. Musaugwirenso mpaka maso kuchita mdima.

Ndizichita clean pa press iliyonse, kapena clean imodzi kenako ma press angapo?

Zonse zimachitika. Clean pa press iliyonse imapatsa chiuno, zala ndi mtima ntchito yambiri, ndipo imakupatsani mpata wolimbitsanso thupi mwatsopano. Clean imodzi yotsatidwa ndi ma press asanu imatopetsa phewa kwambiri. Kwa wophunzira ndimasankha yoyambayo, chifukwa akufunika kubwereza clean kambirimbiri.

Ndizichita kangati, masiku angati pa sabata?

Masiku atatu pa sabata, osatsatizana, ndi okwanira. Njira imene yathandiza anthu ambiri ndi ya makwerero, yomwe Tsatsouline anaitchukitsa. Mumachita kamodzi kumanzere, kamodzi kumanja, n'kupuma. Kenako kawiri mbali iliyonse, n'kupuma. Kenako katatu. Amenewo ndi makwerero amodzi, ndipo mkono uliwonse wachita maulendo 6. Yambani ndi makwerero atatu, kutanthauza 18 pa mkono. Sabata zikamapita onjezerani mpaka makwerero asanu, omwe ndi 30. Mukafika apo, yambani kutalikitsa makwererowo: 1, 2, 3, 4, kenako 1, 2, 3, 4, 5. Makwerero asanu ofika pa 5 ndi maulendo 75 pa mkono uliwonse, ndipo wofika pamenepo amakhala wokonzeka kuyesa chitsulo chotsatira.

Ubwino wa njirayi ndi woti mumachita zambiri osafika potheratu. Masiku atatuwo asakhale olemera onse: limodzi lolemera, lina lopepuka, lina lapakati. Pumani mokwanira pakati pa magawo a makwerero, mpaka muzitha kulankhula bwinobwino. Anthu ena amaona kupuma ngati ulesi, ndiye amathamangira n'kumabwereza zolakwika ali wefuwefu. Mukaona kuti press yayamba kuchedwa kapena thupi layamba kupotoka, tsiku limenelo mwamaliza.

Mkono wanga wamanzere ndi wofooka. Nditani?

Muziyamba ndi umenewo, ndipo wamanja uzichita maulendo ofanana ndi amene wamanzere wakwanitsa. Kusiyana pang'ono kumakhalapo mwa aliyense.

Ndakwanitsa 16, koma 20 ikukana. Ndidutse bwanji?

Kuchoka pa 16 kupita pa 20 ndi kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kumene munazolowera, choncho musadabwe. Yambani kuzolowerana nacho chitsulo chatsopanocho musanachikankhe. Chitani nacho clean yokha, muime nacho pa rack masekondi khumi kapena makumi awiri. Kenako chikwezeni ndi push press, muime nacho pamwamba, n'kuchitsitsa pang'onopang'ono. Pa chitsulo chakale, yesani kuima sekondi ziwiri pakati pa ulendo, chibakera chili cha pamphumi, pamene anthu ambiri amakanirira. Palinso clean yogwira kettlebell mozondotsa, mimba yake ili m'mwamba. Imeneyi imafuna chopepuka kwambiri, koma imaphunzitsa zala, mimba ndi phewa kugwirira ntchito limodzi kuposa mawu alionse amene mphunzitsi angakuuzeni. Poyesa imeneyi, dzanja linalo likhale tcheru kuteteza nkhope.

Manja anga akuchita matuza. Ndigule magolovesi?

Sindilimbikitsa. Magolovesi amakulepheretsani kumva mmene chogwirira chikuyendera m'dzanja, ndipo nsalu yake imakwinyika n'kutsina khungu. Matuza amabwera chifukwa chofinya chogwirira pamene chikuzungulira, khungu la m'munsi mwa zala n'kupanika. Konzani kagwiridwe. Khungu likakhuthala pamenepo, likwecheni ndi mwala wosambira mukatha kusamba lisanang'ambike, ndipo usiku mudzole mafuta. Thukuta likachuluka, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pukutani manja ndi chogwirira pafupipafupi. Choko cha onyamula zitsulo chimathandiza ngati mwachipeza. Chotsani mphete ndi wotchi.

Kumapazi, nsapato zothamangira zokhala ndi chidendene chofewa sizabwino, zimakugwedezani. Valani zafulati, kapena mukhale opanda nsapato ngati pansi pali posaterera.

Ndigule ya mtundu wanji? Nanga yopanga ndekha ndi simenti?

Pali mitundu iwiri yodziwika. Ya chitsulo chosungunula imakula malinga ndi kulemera kwake. Ya mpikisano imakhala ya msinkhu umodzi kaya ndi yopepuka kaya yolemera, ndipo imadziwika ndi utoto: 16 yachikasu, 24 yobiriwira, 32 yofiira. Zonse ndi zabwino pa clean and press. Chofunika ndi chogwirira chosalala, chopanda msoko wakuthwa kunsi kwake, ndi mpata wokwanira kuti dzanja lilowe mpaka chikhatho. Pewani zapulasitiki zodzaza mchenga ndi zokhala ndi chogwirira chachikulu mopitirira.

Za simenti ndikuzimvetsa, chifukwa kettlebell ndi yodula ndipo sipezeka paliponse, ndipo anyamata ambiri m'makwalala anakula ndi zitsulo zoumba m'zitini. Yoteroyo mukhoza kunyamula nayo pansi kapena kuyenda nayo m'manja. Koma pamwamba pa mutu sindingakuuzeni kuti muikweze. Simenti imang'aluka mkati osaonekera kunja, ndipo chogwirira chikazuka, chimene chili pansi pake ndi mutu wanu. Ngati ndalama zikuvuta, sonkherani ndi anzanu awiri kapena atatu mugule imodzi yeniyeni. Njira ya makwerero imayenda bwino anthu akamasinthana chitsulo chimodzi, wina akamanyamula ena akupuma.

Ndi kuwawa kotani kumene kuyenera kundiimitsa?

Kutopa kwa minofu tsiku lotsatira n'kwachibadwa. Kubaya m'phewa, dzanzi lotsikira kuzala, kuwawa kwa msana kotsikira kumwendo, chizungulire, kapena kupweteka pachifuwa, zimenezo siyani pomwepo mukaonane ndi adokotala. Amene muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena la mtima, amene munavulalapo phewa kapena msana, amene munachitidwa opaleshoni posachedwa, ndi amayi oyembekezera, funsani kuchipatala musanayambe.

Dziyeseninso chonchi musanakweze chilichonse: imani msana uli kukhoma, mukweze mkono wowongoka mpaka chala chachikulu chigunde khoma pamwamba pa mutu, nthiti osatukuka, msana osapindika. Ngati sizikutheka, pitirizani ndi swing, clean ndi rack, uku mukumasula phewa ndi msana wa kumtunda. Press idikire kaye.

Kodi ndingaphunzire ndekha popanda mphunzitsi?

N'zotheka, ngakhale ola limodzi ndi munthu wodziwa limakupulumutsani miyezi ya kulakwitsa. Mukapita ku jimu, funsani mphunzitsiyo akuonetseni clean yake. Ikamveka phokoso pamkono pake, funani wina. Ngati muli nokha, musadalire galasi, chifukwa kutembenuza khosi kuti mudzione kumasokoneza kaimidwe. Ikani foni pampando, ijambule kuchokera m'mbali, kenako kutsogolo. Pa kanema wa m'mbali yang'anani ngati chitsulo chikuyenda pafupi ndi thupi komanso ngati msana ukupindika pokankha. Pa wa kutsogolo yang'anani chigongono ndi phewa.

Sankhani malo a dothi kapena kapinga, opanda ana ndi ziweto pafupi, ndipo ngati muli m'nyumba yesani kaye kutalika kwa denga ndi mkono wopanda kanthu. Chitsulo chikapulumuka m'dzanja musalimbane nacho kuti muchigwire. Sunthani mapazi, chisiyeni chigwe.